Kaneka ya Madzi pa Mphasa ya a Mwale

Mwezi uno mapiri amasowa. Ukayang'ana kumene amakhala umangoona utsi wa lupsa utaima m'mwamba ngati nsalu yofwifwa, ndipo nyenje zimalira mpaka khutu limaiwala kuti zikulira. Maganizo nawo amayenda ngati ng'ombe yokhuta. Lachiwiri masana ndinali pakhonde, ndikusoka thumba losungira mbewu, pamene ndinaona munthu akutulukira m'njira ya ku dambo. Nthaka inkanjenjemera ndi kutentha, ndipo munthuyo ankaoneka ngati mapazi ake sakugunda pansi.

Atayandikira ndinawazindikira. Anali a Nabanda, mayi a kunyumba kwa a Mwale, munthu wa msinkhu woti sayenera kuyenda dzuwa lili paliwombo. Ine ndine Banda, choncho amanditcha mlongo wawo, ngakhale chibale chenicheni palibe.

Anakana mpando, nakhala pansi. Anamwa madzi. Tinakamba za mvula imene ikuchedwa ndi za mbuzi zimene zatha masamba a mbatata ku dimba. Kenaka anayang'ana zala zawo.

"Alongo, alamu anu akukuitanani."

"Kwagwanji?"

"Akuti ubatizo uja aufuna lero."

Ndinabaya singano pa thumba, n'kuisiya pomwepo.

Kwa inu amene mukuwerenga muli kutali, ndifotokoze pang'ono. Kapela yathu, katchalitchi ka m'mudzi, ili kuseri kwa Mualadzi, kumene msewu umasanduka kanjira ka njinga. A padiri, ansembe athu, amatifika mwa apo ndi apo, chifukwa midzi yoyendera ndi yambiri ndipo iwo ali okha. Masiku ena onse mapemphero a Lamulungu ndimatsogolera ndine. Amanditcha animadori. Ndimawerenga Mawu, ndimayambitsa nyimbo ikasowa woyambitsa, ndimaperekeza maliro. Ntchito yanga imathera pomwepo. Kapena kuti, ndinkaganiza kuti imathera pomwepo.

A Mwale analowa kalasi ya ubatizo ine ndisanamere ndevu. Asanamalize anakwatira mkazi wachiwiri, a Naphiri. A padiri a nthawi imeneyo anawauza lamulo: wa mitala sabatizidwa mpaka atatsala ndi mkazi mmodzi. A Mwale anayankha kuti sangasiye mayi wa ana awo chifukwa cha madzi. Sanakwiye, sanapite ku mpingo wina. Anangosema kampando, n'kumakhala panja pa kapela, pafupi ndi zenera. Nyimbo zonse ankazidziwa. Mawu awo aakulu ankalowera pazenerapo, moti ana athu ena anakula akuyesa kuti khoma limaimba.

A Naphiri anamwalira kale ndithu, ndipo njira inatseguka. Koma chaka ndi chaka yankho la a Mwale linali lofewa ngati thonje. Tikolole kaye. A padiri akadzabweranso. Ndipeze kaye malaya oyera. Tinazolowera, tinasiya kufunsa.

Tsopano matenda anawagwetsa. Anapita nawo ku chipatala ku Chifunde, a infirimeru, anamwino a kumeneko, anachita zimene akanatha, kenaka abale anabwerera nawo kumudzi. Tonse tikudziwa tanthauzo la ulendo wobwerera wotere.

Mukuganiza kuti ndinadzuka n'kuthamanga?

Ndinati, "Tiyambe taimbira a padiri."

Kwathu telefoni imagwira ukakwera pa chulu cha kuseri kwa sukulu. Ndinakwera. Amene anayankha ndi bambo wosamala pa parokya: a padiri ali ku Tete ku msonkhano, abwera sabata ya mawa. Ndinaimbira a katekista. Anali ku Cassacatiza, akudikira galimoto yopita ku maliro a mlamu wawo kutsidya kwa malire. Ndinaima pachulupo telefoni ili m'manja, ndikuyang'ana minda youma mpaka kumene maso amathera, ngati kuti m'utsi muja mutuluka munthu wina woyenera kuposa ine.

Sikuti sindinkadziwa. Pa maphunziro a ku parokya anatiuza momveka: munthu akakhala pafupi kufa, wapempha yekha ubatizo, ndipo wansembe palibe, aliyense angathe kumubatiza. Pamafunika madzi wamba, mawu ake a ubatizo, ndi mtima wofuna kuchita zimene Mpingo umachita. Ine ndemwe ndakhala ndikuphunzitsa ena zimenezi.

Nanga chinandigwira miyendo n'chiyani?

Inu a kuno mukuchidziwa. Timaopa kukhala dzanja lomaliza. Munthu akamwalira, funso loyamba silikhala lakuti amadwala chiyani. Limakhala lakuti, anamupatsa phala ndani? Analowa m'nyumba ndani? Anamugwira pamutu ndani? Ngakhale a padiri amene, akabwera ndi mafuta a odwala, mabanja ena amabisa wodwalayo, ati mafuta aja ndi otsanzikira. Tsono ine, munthu wamba wopanda mkanjo, ndikathire madzi pamutu pa nkhalamba imene aliyense akuona kuti ili pa ulendo? Ikapita madzulo omwewo, dzina langa lidzatchulidwa pa mjigo mpaka liti?

Mantha amenewa tinawapatsa dzina labwino. Timati, tidikire eni ake.

Wa mota, njinga ya moto ija, akagwa pamsewu timamuzungulira, manja kumbuyo. Tidikire eni ake. Mwana wa mnansi akamaonda ife tikuona, tidikire eni ake. Kamlatho ka mitengo kakamaola, tonse timatsika panjinga n'kuwoloka mosamala, aliyense akuganiza kuti kwinakwake kuli mwini wake amene adzabwera ndi nkhwangwa. Timati ndi ulemu. Nthawi zina ndi ulemudi, sindikunena kuti munthu azilowerera chilichonse. Koma nthawi zambiri, tikanena zoona, sitidikira mwini wake ayi. Timadikira munthu wina woti mlandu ukagwa ugwere iye.

Ife a mu mpingo tili ndi chobisalira china chokongola kuposa pamenepo. Timati, tiziike m'mapemphero. Pemphero ndi labwino, ndipo ine ndingakhale womaliza kulinyoza. Koma pali mapemphero ena amene Mulungu anayankha kale, ife n'kumawabwerezabe chifukwa yankho lake likufuna miyendo yathu. Mose pa chitsamba choyaka moto sanasowe yankho. Anasowa munthu wina woti atumidwe m'malo mwake.

Ndinatsika pachulu. Ndinawakweza a Nabanda kumbuyo kwa njinga.

Njira yopita kwa a Mwale imadutsa m'thengo la miombo. Pansi ponse panali phulusa la moto wolusa, lakuda bii, koma m'mwamba mitengo inali itavala masamba atsopano, ena ofiira, ena ngati uchi, anthete moti dzuwa linkawapyoza. Chaka chilichonse ndimadabwa nazo. Mvula sinagwe ngakhale dontho. Mtambo kulibe. Anaiuza ndani mitengo imeneyi kuti itulutse masamba ofewa chonchi pa kutentha kotere? Imatenga timadzi tomaliza timene inasunga ku mizu, n'kutipereka chifukwa cha mvula imene sinaione. Ndinapalasa pang'onopang'ono pansi pa kufiira kumeneko, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala kumene ndikupita. Zinali ngati tikudutsa m'tchalitchi chachikulu chimene mazenera ake ndi masamba. A Nabanda kumbuyo ankang'ung'udza nyimbo ya Maria, mawu akudumpha njinga ikagunda muzu.

Koma mantha sagona nthawi yaitali. Titafika pa mphambano ndinakhotera ku kapela.

"Njira si imeneyo, alongo."

"Ndikatenge madzi odalitsidwa. Anatsala m'botolo kuseri kwa guwa."

Chitseko chinali chokhoma. Mfungulo anapita nayo a katekista m'thumba. Ndinagwedeza chitseko, ndinasuzumira pazenera. Ndinayamba kuganiza zotsikira ku dimba kukafunsa mayi a kunyumba kwawo ngati pali mfungulo ina.

A Nabanda anaima pamthunzi atagwira njinga, akundiyang'ana.

"Madzi alipo kwathu. Ndatunga m'mawa. Kapena Mulungu sawadziwa a pa mjigo?"

Ndinachoka pachitseko. Tinakwera.

Pakhomo tinapeza Fernando, mwana wa malemu a Naphiri, amene amanyamula anthu pa mota pakati pa Mualadzi ndi Chifunde. Ndi bambo wa ana, munthu waulemu. Tsiku limenelo anaima pachitseko penipeni, mapewa atadzaza khomo.

"A animadori, takulandirani. Koma zimene mwadzerazo ayi."

"Abambo ako apempha okha," anatero a Nabanda.

"Amayi, munthu wodwala amapempha zambiri. Dzulo amati tiwamangire ng'ombe pa ngolo, ng'ombe zoti tinagulitsa kalekale." Anatembenukira kwa ine. "M'mawa adya phala. Atha theka la mbale. Munthu wodya phala mukufuna mumutsanzike? Mukawathira madzi amenewo ndiye kuti mwawauza kuti njira ndi iyi, pitani."

"Ubatizo supha munthu, achimwene."

"Supha. Koma onse amene ndinawaona akubatizidwa pamphasa, palibe anadzuka."

Ndikanamuuza kuti anthuwo anabatizidwa pamphasa chifukwa anali kale pa ulendo. Koma mwana amene akuopa kutaya bambo wake samva zotere. Ndiponso, kunena zoona, mawu akewo anandikomera. Anandipatsa potulukira. Banja silinagwirizane, ndani angandinene ndikabwerera?

M'nyumba munamveka chifuwa, kenaka mawu.

"Amene akunong'ona pakhomopo ndi alamu anga? Alowe. Kapena akudikira ndidzuke ndiwayalire mkeka?"

Fernando anapatuka.

M'katimo munali kamdima kozizira. Dzuwa linkalowera pa timabowo ta denga, timizere toongoka, fumbi likusambira m'menemo. A Mwale anagona pamphasa, mutu uli pa bulangete lopinda. Munthu amene kale ankakweza yekha mtengo wa denga anali atatsala wochepa ngati mwana wa sukulu. Maso okha ndiwo anali akale.

"Alamu, mwabwera kudzatenga mlongo wanu? Mtengeni. Wandikalambitsa."

"Wakalambitsa mnzake ndani?" anatero a Nabanda, akuwafunditsa ku mapazi.

Ndinakhala pansi. Ndinafunsa za m'thupi. Kenaka ndinamva pakamwa panga pakutuluka mawu awa: "Bambo, a padiri abwera sabata ya mawa. Mwina tikanadikira pang'ono kuti zichitike mwadongosolo, ndi mafuta ndi kandulo."

Anatseka maso. Mapewa anayamba kugwedezeka. Ndinayesa ndi chifuwa, koma kunali kuseka.

"Mawu amenewo ndi anga, alamu. Mwawatola kuti? Ndalima nawo moyo wanga wonse mpaka atha ngati khasu lakale. Inu mukufuna kuwaika mpini watsopano?"

Atapuma anapitiriza, mawu ali pansipansi.

"Mumayesa ndinkadikira malaya oyera? Malaya ndinali nawo. A Naphiri atapita, aliyense ankandiuza kuti tsopano mwamasuka, lowani. Mwamasuka. Ngati kuti mayi uja anali chingwe. Ndinati ndikalowa msanga anthu adzati imfa yake yandikomera. Ndichedwe pang'ono, aiwale. Ndiye ndinachedwa. Anthu anaiwaladi, koma ine kuchedwa kunandilowa m'mafupa."

"Mnzanga uja sakanadandaula," anatero a Nabanda. "Akanafulula thobwa mudzi wonse n'kumwa."

"Ndikudziwa. Ndadziwa mochedwa, monga zonse." Anatembenuza maso n'kundiyang'ana. "Inu mukuopa anthu, ine ndinkaopa anthu. Anthu ake omwewo, alamu. Kodi kumene ndikupitaku akakhalako?"

Pali nkhani ina m'Malembo imene ndaiwerenga kambirimbiri pamaso pa anthu, osaimva. Nduna ya dziko lakutali inkabwerera kwawo pa galeta, m'njira ya m'chipululu, ikuwerenga za Mulungu amene sinkamudziwa bwino. Mlaliki Filipo anakwera nayo, naifotokozera. Ali m'njira anaona madzi. Sitiuzidwa kuti anali madzi otani. Poti munali m'chipululu, mwina linali thamanda limene ngamila zinamwapo m'mawa. Nduna ija inafunsa ngati pali chimene chingailetse kubatizidwa pomwepo.

Ndakhala ndikuganiza kuti wolimba mtima m'nkhaniyi ndi nduna. Lachiwiri ndinaona kuti funso lija linagwera Filipo. Akanatha kunena kuti tibwerere ku Yerusalemu tikafunse akuluakulu. Akanatha kunena kuti sindikukudziwani bwino, anthu akamva adzati chiyani. Zifukwa zomveka zinalipo. Zifukwa za munthu wozengereza zimakhala zomveka nthawi zonse, n'chifukwa chake zimagwira. Koma galeta linaima, awiriwo anatsikira m'madzi, ndipo sanadzaonanenso. Mpata unali womwewo, kathamanda kamodzi pa njira yaitali ya fumbi.

Timakonda kuganiza kuti chikhulupiriro ndi mtima wodekha, woti ukafika mantha onse amathawa, kenaka munthu n'kudzuka. Ine sindinachione choncho. Ansembe amene ananyamula Bokosi la Chipangano anafika pa Yordano mtsinje uli wodzaza, ndipo madzi sanapatuke iwo ali pamtunda. Anapatuka mapazi atanyowa. Mtendere umabwera pambuyo. Poyamba pamakhala phazi lokha, ndi madzi.

Ndinatuluka. Fernando anali atakhala pa mota yake pansi pa mtengo wa mango, akutembenuza chipewa m'manja.

"Achimwene, sindingakulonjezeni kuti akhala. Sindikudziwanso ngati apita. Chimene ndikudziwa n'chakuti apempha ali ndi nzeru zawo zonse, ndipo ine ndiwabatiza."

"Zikachitika mudzayankha ndinu."

"Ndidzayankha."

Mawuwo anatuluka okha. Nditawamva ndinachita mantha kuposa poyamba, koma anali atatuluka.

M'nyumba a Mwale anakweza mawu mmene akanathera. "Muuzeni kuti wapempha ndine. Ngati pali mlandu abwere andiimbe ndidakali pano. Mawa sindipezeka."

Fernando sanaseke. Analiza mota n'kupita cha ku dambo, fumbi likumutsatira.

A Nabanda anabweretsa madzi mu kaneka, kapu ya pulasitiki, yobiriwira, yothetheka pang'ono pa chogwirira, imene amamwera tsiku ndi tsiku. Ndinagwada. Ndinafunsa a Mwale mafunso a chikhulupiriro, ndipo ankayankha ine ndisanamalize. Anali atawamva kambirimbiri pa maubatizo a ana a anthu ena, a ana awo, a zidzukulu zawo. Nditafunsa ngati akumukana Satana, anati, "Ameneyo tinasiyana kalekale, koma lembani kuti ndamukananso."

"Dzina?"

"Afunseni alongo anu. Ndiwo akhala akudikira."

A Nabanda sanaganize n'komwe. "Simeoni. Nkhalamba ija inadikira m'Nyumba ya Mulungu mpaka inamunyamula Mwana m'manja. Ndalisunga kalekale. Ndimaopa kuti ndifa nalo."

Ndikukweza kaneka, madzi ena anatayikira pa bondo langa. A Nabanda anadzutsa mutu wa a Mwale. Ndinathira katatu, ndikutchula Atate ndi Mwana ndi Mzimu Woyera. Madzi anatsika m'imvi, nadutsa kuseri kwa khutu, nagwera pamphasa, n'kulowa m'dothi la pansi. Kamzere kamodzi ka dzuwa kanali katasuntha, kali pachifuwa pawo, kakukwera ndi kutsika ndi mpweya. Sindinaone kumwamba kutatseguka. Ndinangomva fungo la dothi lonyowa, lija limabwera ndi mvula yoyamba, m'nyumba ya munthu, m'mwezi wopanda mtambo.

A Mwale anatsegula maso.

"Mwatha?"

"Tatha, bambo."

"Basi? Zaka zonsezi ndimathawa kaneka imodzi?"

A Nabanda anaseka, kenaka anaphimba nkhope ndi kapulana, nsalu yawo yomangirira m'chiuno, ndipo sanaivundukule msanga.

Tinapemphera pemphero la Atate athu. A Mwale anayamba nafe, koma pakati mawu awo anatsala m'mbuyo, ndipo pofika pa mapeto anali atagona, pakamwa pali pomwetulira pang'ono ngati munthu amene watula katundu pa mthunzi. Ndinakhalabe pang'ono ndikuwayang'ana akupuma. Sindikudziwa chimene ndinkayembekeza. Pobwerera ndinayenda wapansi, ndikukankha njinga. Kutali cha ku Zambia mphezi inkang'anima popanda bingu, ngati munthu amene akutsegula ndi kutseka chitseko cha nyumba yowala.

Ndikanakonda kukuuzani kuti m'mawa mwake anadzuka n'kupempha khasu. Nkhani zotere zimakoma pa ulaliki. Sizinatero. A Mwale anatisiya Lachisanu, dzuwa likutuluka.

Ndipo zimene ndinkaopa zinabweradi, sindikubisirani. Mkazi wanga atafika pa mjigo, amayi ena anasiyira nkhani pakati. Pa maliro anthu ena anandipatsa moni wa nsonga za zala. Wina ndinamumva kuseri kwa nkhokwe akuti, munthu anali akudya phala. Mawu amenewa ayenda, ndipo mwina chaka chamawa wodwala wina adzabisidwa ine ndikamadutsa. Kuchita chinthu mwa chikhulupiriro sikutseka pakamwa pa anthu. Amene anakuuzani kuti kumatseka anakunamizani.

Koma ndimadzifunsa. Ndikanabwerera pa khomo paja, akanandinena ndani? Palibe. Akanati animadori wathu ndi munthu wosamala, wodziwa malire ake. A padiri akanafika sabata ya mawa n'kupeza mulu wa dothi. Sindikunena kuti Mulungu akanawatsekera a Mwale chitseko, chifundo chake sichidalira kaneka. Koma munthu anapempha, madzi analipo, ndipo ine ndinalipo. Tchimo la dzanja loyera limene silinakhudze kanthu silitchulidwa pa mjigo uliwonse. Ndi machimo angati otere amene tili nawo, abale, osungidwa bwino, amene anthu amatitamanda nawo?

Inu mukuwerenganu, pali chinthu chimene mwakhala mukuchiyang'ana manja ali kumbuyo. Mukuchidziwa, sindichita kukutchulirani. Mwina ndi m'bale amene munasiya kupatsana naye moni, ndipo mukudikira kuti ayambe ndiye. Mwina ndi ukwati umene mukuti mudzadalitsa mukadzapeza nkhumba ya phwando. Mwina ndi mwana wamasiye wa pa nyumba yoyandikana nanu. Mukuti mukudikira eni ake. Mwafunsa bwino kuti eni akewo si inu?

Loweruka, anthu asananyamuke kupita ku manda, ndinazungulira kuseri kwa nyumba kukafuna madzi osamba m'manja. Ndinapeza Fernando ali yekha, atakhala pa chipika. Pa miyendo pake panali mtanda wa matabwa, wokhomedwa kumene, ndipo pansi panali kachitini ka penti woyera. M'manja anali ndi kamtengo kotafunidwa kunsonga, kolembera. Chichokere pa mota paja tinali tisanalankhulane.

Ndinafuna kubwerera, koma anali atandiona.

Sanandipatse moni. Maso ake anali pa thabwa.

"Sindinanene kuti munachita bwino."

"Ndamva, achimwene."

Kutsogolo kwa nyumba amayi anali atayamba nyimbo yonyamulira maliro, ndipo inkatifika ngati ikuchokera kutsidya kwa mtsinje.

"Amayi akulira, sindingawafunse," anatero. "Tsiku lija ine panalibe." Anaviika kamtengo kaja mu penti, nagwedeza dontho. "Dzina limene munawapatsa lija ndi ndani?"

"Simeoni."

Analitchula kamodzi chapansipansi, ngati munthu wolawa mchere mu ndiwo. Kenaka anasuntha pa chipika kundisiyira malo, nasendeza mtandawo kuti mbali imodzi ikhale pa bondo langa.

"Gwirani apa, usagwedezeke."

Ndinagwira.